Koteji ya ku Mangochi imene nyanja inalowa mpaka kuchipinda: mmene ndinayendetsera valuweshoni yake

Ntchito yanga ndi yowerengera mtengo wa malo ndi nyumba, anthu amangoti avaluwa, ndipo ofesi yathu ili konkuno ku Blantyre. Zambiri zimene timagwira ndi za mtauni momwemuno, nyumba za ku Namiwawa, Sunnyside, Nyambadwe, mashopu a ku Limbe, koma chaka sichitha osalandira fayilo imodzi kapena ziwiri za kunyanja chifukwa makoteji ambiri a pakati pa Mangochi boma ndi Monkey Bay eni ake amagona ku Blantyre kuno. Fayilo imene ndikufotokozayi inabwera mu February 2024 ndipo inasintha kagwiridwe kanga ka ntchito, nde ndaona kuti ndiilembe yonse mwina anzanga a ntchitoyi ndi amene akusunga ndalama kuti akagule puloti kunyanja angatolepo kanthu. Mayina a banjalo, nambala ya puloti ndi ndalama zenizeni sinditchula, ndi chinsinsi cha kasitomala.

Anabwera mayi amasiye ndi mwana wawo wamwamuna woyamba. Bambo anamwalira chaka chapitacho osasiya wilu, loya anali akuyendetsa makalata kukhothi kuti awiriwa akhale oyang'anira chuma chamasiye, ndiye pankafunika mtengo wa katundu yense, ndipo katundu wovuta anali koteji ya kunyanja. Ana alipo anayi, awiri ali kunja ndipo amenewo ankafuna igulitsidwe agawane, mayi sankafuna koma sankanena mokweza. Mwana wamkuluyo anali kale ndi nambala m'mutu, anaitenga kwa ma ejenti a pa Facebook amene amatchula mitengo ya kunyanja mu madola, makamaka Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Anandiuza kuti pamalopo pali nyumba yaikulu yakale, tinyumba ta alendo tinayi timene bambo anamanga pambuyo pake kufupi ndi madzi, kabala kaudzu ndi fensi ya njerwa yofika kumchenga, ndipo iye ankaona kuti ndalama zenizeni zili pa tinyumba tinayito chifukwa ndi timene tinkabweretsa lendi pa Isitala, pa Khrisimasi ndi pa holide ya Tsiku la Anakubala mu October pamene Blantyre yense amakhamukira ku Mangochi.

Musanamve zimene ndinapeza mumve kaye mmene dera limeneli linakulira, chifukwa mtengo wake wonse uli mu mbiri yakeyo. Mangochi boma inayamba ngati Fort Johnston mu 1891, linga la atsamunda pa mtsinje wa Shire, ndipo inakula ngati doko la sitima zolowa m'nyanja, wotchi ya Queen Victoria imene mumaiona pafupi ndi mlatho ija ndi ya 1903. Gombe lopita ku Monkey Bay nthawi imeneyo linali midzi ya asodzi basi, mabwato, mathandala oyanikira usipa, milambe ndi migwalangwa. Azungu a ku Blantyre ndi Zomba, aboma, amakampani ndi a minda ya tiyi, ndi amene anayamba kuona mchengawo ngati malo okapumulira, mpaka mu 1949 ndege zotera pamadzi za kampani ya ku Britain ya BOAC zinkaima ku Cape Maclear ngakhale sizinakhalitse. Titalandira ufulu mu 1964 gombelo linapitiriza kudzaza pang'onopang'ono, makampani akuluakulu a ku Blantyre ankafuna aliyense akhale ndi koteji yake yoti mabwana ndi alendo awo azikagonako, mahotela ngati Nkopola ndi Makokola anapatsa deralo dzina, ndipo likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975 zinangogawanika zokha, a ku Lilongwe ku Senga Bay, ife a kuno ku Mangochi, makilomita pafupifupi 190 kudzera ku Zomba ndi Liwonde. Paki ya Lake Malawi inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wake wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, zimenezo zinakokanso azungu okaona malo. Kenako 1994 itadutsa, makampani ambiri anayamba kugulitsa katundu amene sanali wa bizinesi yawo yeniyeni, ndipo apa mpamene Amalawi opezako bwino, maloya, madokotala, andale, abizinesi a ku Limbe, analowa mwamphamvu. Makoteji akale atatha, anthu anayamba kugula kwa mafumu ndi mabanja a m'midzi ija, kachidutswa apa kachidutswa apo, mpaka lero mukamayenda pa msewu wa M10 pali malo ena oti mungayende mtunda ndithu osaiona nyanja, mipanda yokhayokha ndi mageti.

Koma pali mbiri ina yachiwiri imene ma ejenti sakuuzani, ya nyanja yeniyeniyo. Nyanja ya Malawi siikhala pamodzi. Kuyambira 1915 mpaka m'ma 1930 inatsika kwambiri moti Shire anasiya kutuluka m'nyanjamo. Mu 1980 inakwera mpaka kupitirira pang'ono mamita 477 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo mpaka pano ndi pamene pali malire apamwamba m'mabuku. Kumapeto kwa ma 1990 inatsikanso, ndipo mu 2016 ndi 2017 aliyense wa ku Blantyre akukumbukira mdima uja wa maola ambirimbiri chifukwa madzi opita ku malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira anachepa. Nde zaka zimene Amalawi ambirife tinalowa kumanga kunyanja ndi zaka zimene nyanja inali yotsika, mchenga uli poyera kutalika ngati bwalo la mpira, munthu nkumaona ngati ndi malo. Ichi ndi chimene ndinali ndisanachiike mu lipoti langa lililonse zaka zonsezi, ndipo ndikuvomera kuti kunali kulakwa.

Ndinayamba ndi mapepala monga mwa nthawi zonse. Nyumba yaikulu inali ndi lizi ya zaka 99 yoyambira m'ma 1970, poyamba inali ya kampani ina ya ku Blantyre ndipo bambo anaigula m'ma 1990, zonse zinasinthidwa bwino m'dzina lawo, mapu a saveya analipo, lendi ya malo ya boma inali ndi ngongole ya zaka zingapo koma imeneyo ndi nkhani yaing'ono, imalipidwa pogulitsa. Nditayeza pamapupo ndinaona kuti puloti ya pa lizi ndi yaing'ono kuposa imene mwana uja ankafotokoza. Ndinafunsa ngati pali pepala lina. Mayi anatsegula chikwama natulutsa kalata ya tsamba limodzi ya 2017, yolembedwa pamanja, yokhala ndi chidindo cha anyakwawa, yonena kuti bambo apatsidwa malo "kuchokera pa mpanda wawo kufika kumadzi" ndipo apereka ndalama yakutiyakuti. Panalibe mapu, panalibe muyeso, panalibe chilolezo cha pulani kuchokera kukhonsolo. Kufika kumadzi, madzi ake a chaka chiti? Mu 2017 madziwo anali kutali.

Ulendo unachedwa chifukwa ndinafuna kupita ndi saveya kuti tikapeze mabikoni, zizindikiro za malire a puloti zija, nde tinanyamuka pakati pa April, ndipo imeneyo inali nthawi yeniyeni imene nyanja inali pamwamba, National Water Resources Authority (NWRA), nthambi ya boma yoyang'anira za madzi, inali ikulengeza kuti madzi apitirira mamita 476. Mvula ya zaka zingapo zotsatizana ndi imene inaidzaza, ife kumwera tinaona namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 koma madzi ambiri a m'nyanjayi amachokera kumpoto ndi mbali ya Tanzania, ndipo nyanja imafika pachimake cha m'ma April ndi May mvula itatha kale. Tinafika cha m'ma 10 koloko, mlonda anatsegula geti, madala a zaka zopitirira 70, ndipo chimene ndinaona ndi ichi: nyumba yakale ili njo pamwamba pa kamtunda, youma, khonde lake lalitali la simenti yofiira lili bwinobwino, masitepe asanu ndi awiri otsikira pa kapinga. Kumunsi kwake kapinga theka ali m'madzi. Tinyumba tinayi tija madzi analowa mpaka m'maondo, matiresi anali atawasanjika pamwamba pa mabedi awiriawiri, zitseko zafufuma sizikutsekeka, kabala kaja kanangotsala denga ndi nsanamira, ndipo fensi ya njerwa mbali yakumadzi inali itagwa kutalika kwake konse, mafunde anakumba pansi pa fondeshoni. Ndipo mwera unali usanayambe, mphepo imeneyo ikayamba mu May mafunde amamenya kuposa pamenepo.

Madala aja anagwira ntchito pamalopo kuyambira nthawi ya kampani. Ndinawafunsa ngati anaonapo zotere. Ananditengera pa masitepe a nyumba yakale naloza sitepe yachitatu kuchokera pansi, "Bwana, chaka cha 1980 madzi anafika apa, ine ndinali mnyamata wosesa. Bwana wamkulu akumanga kumunsiku ndinawauza kuti kuno ndi kwa nyanja, madzi saiwala khwawa, koma anati madala zimenezo ndi zakale." Sanalankhule monyoza ayi, amawakonda malemuwo, misozi inali pafupi.

Saveya anatenga levulo yake. Tinagwiritsa ntchito madzi a tsiku limenelo ngati poyambira, podziwa mlingo umene NWRA inalengeza sabata imeneyo, ndipo kenako anatsimikiza ndi GPS yake. Pansi pa nyumba yakale panali pafupifupi mamita 478. Pansi pa tinyumba ta alendo panali posafika 476. Sitepe ya madala ija inagwirizana ndi 1980 pafupifupi ndendende, ndipo zinandichititsa manyazi pang'ono kuti chinthu chimene ine ndinafunika makina kuti ndichidziwe iwo anali nacho m'mutu zaka 44. Bikoni imodzi ya kumunsi kwa lizi tinaipeza pansi pa maluwa, inayo saveya anaipeza ndi phazi m'madzi osafika m'akakolo, kutanthauza kuti amene anadula puloti m'ma 1970 anaimira pafupifupi pomwe nyanja ikadzadza imafika. Zonse zimene bambo anamanga 2017 itadutsa zinali kunja kwa lizi, ndiponso pansi pa mzere wa mamita 477 umene NWRA imanena kuti munthu asamange kapena kulima kunsi kwake.

Ndinayenda ndi bwato la mnyamata wina kuti ndione mapuloti oyandikana, chifukwa valuwa saona nyumba imodzi yokha. Zinali ngati kuwerenga zaka pa gombe. Makoteji akale onse, a malata ofiira ndi makonde aatali, ali chapamwamba, ouma. Nyumba zatsopano zokongola kwambiri, za magalasi aakulu ndi matailosi, zina za ndalama zoti ku Namiwawa mungamange ziwiri, ndi zimene zinali m'madzi. Eni ake ambiri ankaloza chala ku Kamuzu Barrage ku Liwonde kuti atsegule mageti madzi apite. Ndimawamvetsa, munthu ukaona katundu wako akumira umafuna woti umuloze, koma baraji ija inamangidwa mu 1965 kuti izisunga madzi a magetsi, ndipo a NWRA anafotokoza kuti kutsegula kopitirira kukanawononga malo opangira magetsi ndi kumiza anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amene anali asanachire za Freddy. Komanso nyanja yotalika makilomita oposa 500 simungaiphwetse ndi mtsinje umodzi m'mwezi umodzi, madzi ambiri amene imataya amapita ndi dzuwa osati ndi Shire.

Panali zina ziwiri zimene sizinali mu kalata yondituma koma sindikanazisiya. Choyamba sepitiki ya tinyumba tija inali pansi pa madzi, zonse za mmenemo zikusakanikirana ndi nyanja, ndipo mamita ochepa chabe kuchokera pamenepo amayi a m'mudzi ankatsuka mbale ndi kusambitsa ana. Mangochi ndi boma limene kolera wa 2022 mpaka 2023 anapweteka kwambiri, nde ichi kwa ine sichinali chaching'ono, ndinamuimbira mwana uja pompo kuti tinyumbato titsekedwe ndipo madzi akangotsika sepitikiyo ipopedwe ndi kukwiriridwa. Chachiwiri ndi njira. Pakati pa puloti imeneyi ndi yoyandikana nayo panali njira ya asodzi yotsikira kudoko kuyambira kalekale, mapu a m'ma 1970 anaisiya poyera, koma fensi ya 2017 inaitseka kumunsi ndipo anthu ankazungulira mtunda wautali atasenza maukonde. Anyakwawa a pano, amene analowa m'malo mwa osayina kalata aja, anandilandira bwino koma anandiuza mosabisa kuti mudzi sunagwirizane nazo, ndipo fensi itagwa anthu anayambanso kudutsa pomwepo. Ine maganizo anga ndi oti dera limeneli lakula moiwala eni gombe. Amene amakonza minda ya maluwa, kuphika, kulondera ndi kugulitsa chambo pageti ndi anthu a m'midzi yomweyo, ndipo koteji imene yayambana ndi mudzi mtengo wake umatsika ngakhale mutaipaka penti yotani, wogula wanzeru amafunsa mlonda asanafunse ejenti.

Tsopano kawerengedwe. Nyumba yakale ndi malo a pa lizi ndinagwiritsa njira yofananitsa ndi malo ena amene anagulitsidwa posachedwa, ngakhale kunyanja zimenezi zimavuta chifukwa malo ogulitsidwa ndi ochepa ndipo mtengo umene anthu amalengeza si nthawi zonse umakhala umene anapatsana, nde ndinadalira zogulitsa zitatu zimene ndinazidziwa bwino kudzera kwa anzanga ndi mabanki, nkusintha poona kukula kwa malo, kutalika kwa gombe, zaka zotsala pa lizi zimene ndi pafupifupi 50, ndi kugwa kwa Kwacha. Ndinatsimikiza ndi njira yachiwiri, mtengo womangiranso nyumba ngati yomweyo lero kuchotsapo kutha kwake, denga likufunika kusintha ndipo mawaya a magetsi ndi akale. Kenako ndinachita chimene ndinali ndisanachitepo, ndinawonjezera mtengo chifukwa cha kukwera kwa malowo, popeza chaka chimenecho chinaonetsa aliyense kuti ndi mapuloti ati amene samira, ndipo amenewo ndi ochepa. Tinyumba ta alendo mwachizolowezi ndikanawerengera lendi imene timabweretsa pachaka, ndipo mabuku a bambo anaonetsa kuti tinkabweretsa ndithu. Koma tili pa malo opanda lizi, opanda pulani yovomerezeka, pansi pa 477, banki singalandire ngati chikole ndipo sindikuona wa inshulansi amene angavomere madzi osefukira pamenepo. Ndinatipatsa mtengo wa zinthu zoti nkuzula basi, malata, mawindo, magiza, masinki, nkuchotsapo ndalama yogwetsera ndi kuchotsa zigumukire. Zotsatira zake mtengo wonse unafika pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nambala imene mwana uja anabwera nayo, koma nyumba yakale payokha inaposa mmene iye ankaiganizira.

Tinakumana ku Namiwawa pabalaza, ana akunja ali pa WhatsApp. Sizinali zophweka. Mwana wamkulu anakwiya, anati ejenti wina wamulonjeza wogula pa mtengo wonse ndipo madzi atsika pofika October wogulayo sadzadziwa kanthu. Ndinamuuza kuti achimwene, madzi atsikadi, chaka chilichonse amatsika pafupifupi mita imodzi dzuwa likawala, koma mzere uli pakhoma ndipo ine sindingasayine lipoti lobisa zimene ndaona, dzina langa lili pa kaundula ndipo lipotili likupita kukhothi. Ndinawauzanso kuti malamulo a malo a 2016 ndi kusintha kwa 2022 anakhwimitsa zogulitsa malo kwa anthu amene si nzika, nde wogula wa madola amene ankamuyembekezera mwina sangadutse nkomwe, msika weniweni ndi Amalawi ndi makampani a konkuno, ndipo amenewo loya wawo adzafunsa lizi tsiku loyamba. Mlongo wake wa ku Johannesburg ndi amene anafunsa funso labwino, kuti kodi malo akumunsiwo sangapezeredwe lizi. Yankho langa linali loti atha kufunsira koma ine sindingawalimbikitse kutaya ndalama pa malo amene boma lanena kale poyera kuti ndi a nyanja. Mayi anakhala chete nthawi yonseyi, kumapeto anangoti, "Bambo ake ankakonda khonde lija, tinyumbato anamangira ana kuti azipeza kangachepe. Ngati nyanja yatenga, yatenga."

Mu lipoti ndinalemba kuti alipire ngongole ya lendi ya malo, saveya abwezeretse mabikoni onse anayi, agwetse tinyumba tiwiri takumunsi kwenikweni timene makoma anali atang'ambika kale, fensi yatsopano ikhale pa malire a lizi ndipo njira ya asodzi isiyidwe mmene inalili pa mapu akale, kumunsiko abzale bango ndi udzu wogwira mchenga mmalo momanganso khoma la simenti, chifukwa khoma likamenyedwa ndi mafunde limakumbika pansi ndiponso limakankhira vutolo kwa neba. Ndinaikamonso tsamba latsopano limene pano ndimaika mu lipoti lililonse la kunyanja, losonyeza kukwera kwa pansi pa nyumba iliyonse poyerekeza ndi 477, ndipo banki ina imene timaigwirira ntchito inandifunsa kuti ndibwerere ku mafayilo atatu akale ndikaike tsamba lomwelo. Imodzi mwa atatuwo ndinaipatsa ndine mtengo mu 2019, nyumba yake ili pansi pa mzerewo.

Ndinapitanso kumapeto kwa September kukaona ngati ntchito yachitika tisanatseke fayilo. Madzi anali atabwerera, kapinga wakumunsi atasanduka mchenga ndi zigoba za nkhono, pa makoma a tinyumba tiwiri totsala pali mzere wobiriwira m'munsi mwa mawindo. Banjalo linagwirizana kuti lisagulitse kaye, mwana wamkulu awalipire azibale ake awiri akunja pang'onopang'ono potengera mtengo wa mu lipoti, ndipo nyumba yakale azibwereketsa kwa makampani a ku Blantyre pa wikendi. Fensi yatsopano ndi ya waya ndi mitengo, yaima pa mabikoni. Ndikuchoka madzulo ndinakumana ndi anyamata anayi atasenza ukonde wa chilimira akutsika pa njira ija, ndipo madala aja anali atagwada pa masitepe ndi kachitini ka penti yoyera, mayi anawatuma kuti alembe 1980 pa sitepe yachitatu, ndipo 2024 anali atalemba kale pa mwala kumunsi kwa kapinga.